Mmene Ndinathandizira Mpeni wa Abwana

Anzanga, mtima wofuna kuthandiza umapweteketsa, mundimve ine. Abwana anga kuntchito ndi mayi wa ku Germany, a Helga, munthu wabwino koma wosamala zinthu zake ngati mazira. Akupita kwawo kutchuthi anandisiyira makiyi a nyumba yawo ku Kilimani, dera la mabwana mumzinda wakunja uno momwe ndimagwira ntchito, kuti ndizikathirira maluwa. Maluwa basi. Koma nditaona khitchini yawo, yotakasuka ngati bwalo la mpira, ndikuganiza kanga ka ku South C komwe ukatembenuka umagunda filiji, ndinati ayi, Loweruka ndiitana anzanga tidzadyere mbuzi pompano. Akadziwa ndani?

Mudilowa ndinapezamo chimpeni chokulungidwa m'kansalu, chogwirira chamtengo, koma chitsulo chake chakuda bii, mathothomathotho. Ndinati kalanga ine, abwana ndi ukhondo wonse uja, mpeni osatsuka? Ndinautengera sitiwulu ndi sopo, kuukwecha mpaka kuwala ngati kalilole, uku ndikudziyamikira kuti akabwera andikweza pantchito.

Ndiye kuthwa kwake inu! Tomato ankangogawanika yekha. Basi dzanja linakoma, ndinakoka mwendo wa mbuzi ndi fupa lomwe, kha! kha! kha! ngati ndagwira chikwanje. Kuyang'ana, mpeni wachita magweru atatu, ukundiseka.

Mnzanga Tadala, yemwe anali atangolowa kumene, anagwira pakamwa. "Iwe Chisomo, wapha mpeni wa eni!"

"Usadandaule, pakona paja pali fundi," ndinatero.

Fundiyo ndi bambo wonola mipeni pamwala wozungulira, wochita kupalasa ngati njinga. Anautembenuza, kuugogoda ndi chikhadabo, kumvetsera kulira kwake, kenaka kundiyang'ana. "Mama, kisu hiki si cha hapa, mpeniwu si wakuno. Mwatsimikiza?" Ine ndi Chiswahili changa chotola m'matatu, maminibasi akuno, ndinangoti, "Sawa sawa, toa yote," kutanthauza kuti achotse magweru onse. Pomwepo foni inalira, achemwali ku Zomba ali ndi nkhani yotentha ya ukwati wa msuweni, ine n'kutembenuka kumacheza. Pomwe ndimacheuka, bambo aja achotsadi yote. Magweru palibe. Zilembo za Chijeremani zomwe zinali pachitsulo palibe. Theka la mpeni womwewo palibe! Kwatsala kampeni kowonda, chogwirira chachikulu, ngati mbululu.

Mbuzi ija sindinaimve kukoma. Kampeni kaja ndinakakulunga bwinobwino, kukabweza mudilowa, n'kuyamba kupemphera kuti a Helga asiye kuphika.

Atabwerako anandiitana kukamwa tiyi, kuthokoza za maluwa. Kaya anawanong'oneza ndani, nkhani inangokhotera ku mipeni. Akuti wawo uja unasulidwa pamanja, ndi banja lina kwawoko lomwe lakhala likusula mipeni kuyambira nthawi ya agogo a agogo awo, ndipo anawapatsa ndi malemu bambo awo tsiku la ukwati. Akuti kuda kuja si litsiro ayi, kumabwera ndi zaka, ndipo kumateteza chitsulo ku dzimbiri. Saukwecha. Saukhudzitsa fupa.

"Dikirani ndikuonetseni," anatero, akudzuka monyadira.

Ndinayang'ana chitseko, chinali kutali. Ndinayang'ana zenera, tinali pansanjika yapamwamba penipeni. Anafunyulula kansalu. Anakanyamula ndi zala ziwiri, kuyang'ana kampeni, kuyang'ana ine, kusuzumiranso mudilowa.

"Chisomo, mpeni wanga wabereka mwana. Nanga mayi wake ali kuti?"

Mukanayankha chiyani inuyo? Pakamwa panga panangotuluka zokha: "Pepani abwana, anatisiya pobereka."

Anaseka mpaka kugwira tebulo, misozi chuchuchu, koma misozi ina ija sinali ya chiseko, ndinaiona ndithu. Ndinagwada pamatailosi n'kuulula zonse, sitiwulu, mbuzi, fundi, ngakhale anzanga omwe anakhala pamipando yawo. Sabata yathunthu ankandiyankhula pa imelo pokha, chikhalirecho ofesi yathu ndi imodzi.

Anandikhululukira, inde, koma mwanjira yawo. Kampeni kaja anakabweretsa kuntchito, amasendera maapozi, ndipo kakasowa amafuula pamaso pa anthu onse, alendo omwe, kuti, "Watenga Chisomo wamng'ono ndani?"

Ndinalumbira ine. Kukhitchini kwa eni, ngakhale mutandipatsa ng'ombe yathunthu, ndiidula ndi mano.