Ankhoswe Alowerera Sewero la Mayi Doris

Lolemba

Pakamwa pangapa padzandiphetsa tsiku lina!

Ndili ku Oakville kwa Mayi Doris, mzungu wokalamba amene ndakhala ndikumusamalira zaka zitatu. Lolemba likubwerali akusamukira kunyumba ya okalamba ku Hamilton, ndiye tikulongedza. Mabuku okha makatoni asanu ndi anayi, ndipo theka lake ndi la munthu mmodzi, Mngelezi wina amene anatisiya kalekale. Kuseri kwa buku lililonse ali pomwepo, kaliwo kukamwa, nkhope ngati wina wamuthera ndiwo. Ine ndimangoti a Kaliwo.

Mayi Doris akundifotokozera mbiri ya a Kaliwo ngati ndi amalume awo. Anayamba ukalaliki, n'kumalemba nkhani akaweruka. Mabuku atayamba kuyenda malonda anasiya ntchito, kenako analowa zamasewero, London yonse n'kumakhamukira kukaonera. Anakwatira katatu. Atakalamba anthu anawaiwala, kupatula Mayi Doris.

Ndiye Mayi Doris akutulutsa kabuku kong'ambikang'ambika ka sewero lina la a Kaliwo. Akuti ali mtsikana kwawo anachita nawo sewero limeneli m'holo ya tauni yawo, ndipo m'seweromo anali wantchito wa m'nyumba. "Ndikanakonda litachitikanso kamodzi ndisanachoke m'nyumba muno," akutero.

Ine, osaganiza n'komwe: "Loweruka lichitika."

Anandituma ndani? Koma nkhope yawo mmene yawaliramu, mawu sangabwezekenso.

Zofunika:
mwamuna mmodzi
mkazi mmodzi
wantchito, ndiye ine
thireyi, tiyipoti, makapu awiri
nzeru

Lachiwiri

Ndaliwerenga m'sitima. Tichita chigawo chomaliza chokha, ndipo n'chosavuta. Mwamuna ndi mkazi wake akhala pabalaza kudikira tiyi. Mkazi akuti zaka makumi awiri zakwana, watopa, akuchoka. Mwamuna akuti kunjaku kukuoneka ngati kugwa mvula. Mkazi akuvala chipewa, akutuluka. Wantchito akulowa ndi makapu awiri, akupeza munthu mmodzi, akuchotsa kapu imodzi osayankhula kanthu. Kwatha. Azungu inu!

Mwamuna ndamupeza: a Banda, mkulu wa mpingo wathu, amagwira kubanki m'tauni. Funso lawo ndi limodzi, ngati ndi zovala suti. Ndati eya. Avomera.

Mkazi ndamupezanso: Anaphiri, nesi wa ku Hamilton. "Loweruka ndili ofu, ndilipo asisi."

Mtima pansi. Kani kukonza sewero n'kophweka chonchi? A Kaliwo ankangodya ndalama za anthu.

Lachitatu

Kuyeserera koyamba, kunyumba kwanga nditaweruka. Ndakazinga mandasi, ndagawa mapepala.

Vuto loyamba. M'seweromu mkazi amamutchula mwamuna wake dzina, Harold. Anaphiri akana kwamtuwagalu. "Ine nditchule dzina mkulu wa mpingo, maso ndi maso? Ndiziti bambo a uje." Ndawauza kuti banjali lilibe mwana. Onse awiri ayang'anana. "Zaka twente?" akutero a Banda. "Ndiyetu nkhani yake ndi imeneyo, wolembayu wangobisa."

Vuto lachiwiri ndiye lalikulu. A Banda afika tsamba lomaliza, avula magalasi, atembenuza pepala kuona ngati kuseri kuli zina.

"Akungochoka? Nanga ankhoswe ali kuti?"

Ndikuwafotokozera kuti kwa a Kaliwo kulibe ankhoswe. Akuti n'chifukwa chaketu anakwatira katatu. Akuti iwo sangakhale pampando ngati thumba la chimanga, mkazi akutuluka, iwo n'kumakamba za mvula. Anthu akaona pa foni aziti chiyani? Munthu amene amalangiza maanja Loweruka lililonse!

Ndalonjeza kuti ndiganizirapo. Mandasi atha onse, sewero sitinafike nalo ngakhale pa chipewa.

Lachinayi

Ine sindinaganizirepo, koma a Banda aganiza. Ndili m'sitima, foni ikungonjenjemera. Atsegula gulu latsopano la pa foni, ndipo ine mwini sewero ndalowetsedwa komaliza.

Tsopano tilipo:
a Banda, mwamuna
Anaphiri, mkazi
Che Yusufu a golosale, nkhoswe ya kuchimuna
Mayi Banda enieni, nkhoswe ya kuchikazi
m'bale wina wa ku Chipata amene sindikumudziwa, akuti mboni
ine ndi thireyi yanga

Mayi Banda alowa chifukwa amva mphekesera yoti amuna awo Loweruka akakhala ndi mkazi wina ku Oakville. Alemba kuti: "Ndikakhalepo ndithu, zinthuzi zimayamba ngati masewera."

Kuntchito Mayi Doris akundifunsa mmene zikuyendera. Ndikuti bwino kwambiri, anthu akuchita kulimbirana. Si bodza. Andituma ndiwatsitsire katoni ina imene tinamata kale, akuti muli kanthu kawo. Akuimba chapansipansi tsiku lonse, mankhwala amwa osakangana nane. Chakudya amaliza mbale yonse, koyamba chimvereni zosamuka.

Ndikuchita mantha. Mayi ameneyu nyumba ikumuchoka, munda wake wamaluwa ukumuchoka, ndipo chinthu chimodzi chokha chimene wapempha ndachipereka m'manja mwa a Banda.

Lachisanu

Kuyeserera komaliza, kwa a Banda. Ndafika mipando yaikidwa kale moyang'anana, akuchimuna uku, akuchikazi uku. Tayamba ndi pemphero.

Anaphiri anena mawu awo bwinobwino, atenga chipewa. Asanafike pakhomo Mayi Banda awagwira mkono. "Takhalani pansi mwana wanga, tiuzeni chalakwika n'chiyani."

Zimenezi mulibe m'buku! Ndikukweza pepala m'mwamba, palibe akundiona.

Anaphiri akhala pansi n'kuyamba kudandaula zenizeni: bamboyu salankhula, akabwera ndi nyuzipepala basi, zaka zonsezi sanafunsepo ngati mutu ukuwawa. Che Yusufu atembenukira kwa a Banda: "Achimwene, mwamva? Mkazi akulira, inu mukuti mvula. Ndinu a zanyengo?" A Banda aweramitsa mutu, apepesa. Mayi Banda akuwonjezera milandu ina imene sindikukhulupirira kuti ndi ya Harold. Wa ku Chipata akungovomereza zonse.

Patha maola awiri. Banja lagwirizana! Agwirana chanza, Mayi Banda aluluta, Anaphiri akupukuta misozi ndi chipewa chija.

Ine ndili chiimire ndi thireyi. Ndikuti, "Nanga kapu ndichotsa ya ndani? Mkazi akuyenera kuchoka!" Onse andicheukira ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Iwe ukufuna kupasula banja limene tavutika nalo chonchi?"

Kenako a Banda aimirira, akonza tayi. Akuti popeza nkhani yatha mwamtendere, si ulemu kukaiyambitsanso mawa pamaso pa alendo, kunyumba ya eni. Onse avomera. Ulendo wa ku Oakville wakanselidwa. Titseke ndi pemphero.

Zotsala:
thireyi
ine

Loweruka

M'sitima ndikuyeserera kupepesa, m'Chingelezi ndi m'Chichewa momwe. Ndafika pakhomo, ndagogoda.

Watsegula ndi mwana wamkazi wa Mayi Doris, akumwetulira. Pabalaza makatoni akankhidwira kukhoma, pakati pali mipando iwiri ndi katebulo. Ndipo uko kukhitchini Mayi Doris aima ndi chowathandiza kuyenda, atavala epuloni yoyera ndi kachipewa koyera kumutu. Kanthu ka m'katoni kaja n'kameneka!

Ndaulula zonse: ankhoswe, mboni, pemphero, kugwirana chanza. Mayi Doris aseka mpaka kutsokomola, ndachita kuwapatsa madzi. Akuti a Kaliwo akanakhala ndi anthu amenewa pafupi bwenzi atakwatira kamodzi, koma sakanalemba buku ngakhale limodzi.

"Nanga sewero?" ndikufunsa.

"Mkazi wachoka kale," akutero. "Gawo langa limayambira pamenepo. Iwe khala apo, ndiwe mwamuna. Uziyang'ana pawindo, usanene kanthu."

Kani sabata yonseyi ndimaloweza ntchito ya eni ake!

Ndakhala. Thireyi taiika pachoyendera chawo. Kuchokera kukhitchini kufika pakatebulo ndi mapazi khumi okha, koma atenga nthawi, makapu akugundana ngwe ngwe ngwe. Manja akundiyabwa kuti ndiwathandize. Ndadzigwira.

Afika. Aika kapu yanga. Anyamula yachiwiri, ayang'ana mpando wopanda munthu, andiyang'ana ine. Aima choncho kanthawi, msana uli chilili, ine sindinawaonepo ataongoka chonchi. Kenako aibweza kapuyo pathireyi pang'onopang'ono, atembenuka, abwerera kukhitchini.

Mwana wawo akulira. Inenso, mwamuna wolimba mtima wa a Kaliwo, mamina ali chuchuchu. Ndipepese kwa mkulu wa kaliwoyu, ndalama za anthu sankadya zaulere.

Mwamwayi a Banda kulibe. Akanaitanitsa kapu ija kuti ibwerere.

Lamulungu

Ndagona ngati mwana. Thupi lonse lapepuka.

Kutchalitchi a Banda andikokera pambali, nkhope ili yaukulu wa mpingo. "Banja lija likupitirira bwanji?" Ndati lili bwino. Akuti mukuona, nkhani zimafuna kukhalirana pansi. Mayi Banda akhala nawo benchi imodzi, akuwakonzera kolala. Mwina sewero lathu linagwira ntchito kwina.

Sindidzakonzanso sewero. Ndalemba pano kuti ndizikumbukira.

Masana ndapita ku Oakville ngakhale si tsiku langa, kukamaliza kulongedza. Mabuku a a Kaliwo akupita atatu okha, kuchipinda chatsopanoko shelefu ndi imodzi. Epuloni yalowa m'sutikesi. Mawa galimoto ibwera, ndipo Lachiwiri ine ndiyamba kwa munthu wina amene sindikumudziwa. Zikundiwawa, koma lonjezo langa lakwaniritsidwa, ngakhale walikwaniritsa ndi mwini wake.

Potsanzikana Mayi Doris andipatsa kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Ndatsegulira m'sitima. Ndi kapu yachiwiri ija, ndi kapepala kolemba okha: "Yanga ndatenga. Ukamabwera ku Hamilton uzibwera nayo iyi, sindikufuna kuchotsanso kapu patebulo."

Ndayang'ana kale nthawi za sitima ya Loweruka.