Chithunzi Chopanda Munthu

Lolemba

Lero andiitana ku loji ina ku Chikale. Kwabwera mayi wachizungu, wojambula mnzanga, koma iye ntchito yake ndi kutsata nyama zikamasamuka. Nyumbu ku Tanzania, mileme ku Zambia, agulugufe ku Mexico. Munthu wamkulu kukwera ndege kulondola gulugufe!

Loweruka madzulo apachika zithunzi zake pakhoma, ndipo wasiya malo amodzi a wojambula wa kuno. Wojambulayo ndine. Akufuna nkhungu, tintchentche tija timatuluka m'nyanja n'kuima m'mwamba ngati utsi. Lamulo lake ndi limodzi: m'chithunzimo musakhale munthu.

Ndakalambira pa kamera m'tauni muno. Maukwati, maubatizo, ziphaso. Zithunzi zanga zili m'nyumba iliyonse, koma palibe ndi chimodzi chomwe cholembedwa dzina langa. Ichi chilembedwa, m'munsi mwake, alendo aziwerenga. Ndikuchifuna, sindibisa.

Zochita:
– kupukuta galasi la kamera
– kutchaja mabatire
– osauza NyaChirwa, mkazi wanga, mpaka zitatheka

Lachiwiri

M'mawa ndili padoko. Nkhungu zaima patali pamadzi, mizati yakuda bii. Kukongola!

Ndikungokweza kamera, onyamula katundu atula matumba, afola kutsogolo kwanga. Wina wavula chipewa, wina wabwereka magalasi a dzuwa. "Ada," ndi mmene amatiitanira abambo kuno, "nsapato zionekenso!"

Ndawauza kuti lero sindikufuna anthu. Kenako wamagalasi uja: "Ndiye mujambula ndani?"

Apatuka, koma monyinyirika. Ndikuti ndidine, bwato latulukira pakati penipeni, mwini wake waimirira, akugwedeza nkhafi, mano onse pamtunda. Ndinamujambula ukwati wake ameneyu. Sindingamukalipire.

Lachitatu

Njira ina: chipewa chachikulu cha alamu, kamera m'jumbo, kuyenda choweramira. Amayi ogulitsa usipa pamsika andizindikira ndi kayendedwe. "Ada ajambuli, mwadwala msana?"

Ndakwera kachitunda kumene sikupita munthu. Ndisanapume n'komwe, afika a Mphande, mkulu wa mpingo wathu, atavala suti, banja lonse lili pambuyo. Akuti amva kuti ndikujambula zithunzi zopita ku Ulaya. Nkhungu zili apo, a Mphande ali apa, akukonza tayi.

Kunyumba ndapeza NyaChirwa akudziwa kale. Iye ndi wa kunyanja kuno, ine wa ku Ntcheu, ndiye za nkhungu timasiyana maonedwe. Akumangirira dengu lake ku ndodo yaitali, kuti mphepo ikazibweretsa kumtunda akawole. "Ada, ndiwo amazijambula? Mawa mudzajambulanso chigwada."

Ndapita kukapukuta kamera yanga. Luso silifuna makani.

Lachinayi

Mbiri ya ku Ulaya yafika patali. Ku Chikale ndapeza kwaya ya amayi yonse, yunifolomu yochapa bwino, yafola pamchenga kuyambira m'mawa. Kumbuyo kwawo nkhungu zokongola kuposa za dzana.

Ndapempha kuti asunthe pang'ono. Asunthadi, koma kulondola kumene kamera yaloza. Ndikaloza kumanja, kwaya kumanja. Kumanzere, kwaya kumanzere. Ayambanso kuimba, ngakhale ndawauza kuti chithunzi sichigwira mawu.

Zimene ndapeza lero:
– kwaya itaima
– kwaya itagwada
– amayi a tcheya okha
– nkhungu pang'ono, pamwamba pa duku la amayi a tcheya

Kwatsala mawa. Loweruka ndili ndi ukwati wa Towera, mwana wa a Mphande, umene ndinalonjeza kalekale.

Lachisanu

Nzeru zabwera: pakati pa nyanja palibe kwaya. Ndapempha a Longwe, msodzi wa pafupi nafe, andipalasire. Avomera, koma abwera atavala malaya a kutchalitchi. Ndawauza kuti sakhala m'chithunzi. Akuti, "Yewo, ada, ndamva," kwinaku akupesa tsitsi.

Tapita kutali ndithu. Anthu palibe. Nkhungu nazonso palibe! Nyanja yoyera mbee, ngati wina wasesa.

Kenako mafunde. Mwana wa ku Ntcheu ndi bwato n'zosayenderana. Ndabweza kadzutsa yense, ndagona chagada, kamera pachifuwa. Pobwerera ndawajambula a Longwe. Munthu wandipalasira tsiku lonse.

Loweruka

Ukwati wamangidwa bwino. Masana tatsikira kumchenga ku Chikale kukajambula, monga achitira onse.

Ndikuwafoletsa, mphepo yatembenuka. Wina wakuwa: "Nkhungu! Nkhungu!" Zafika kumtunda, zikutera m'mitengo ya mango kuseri kwa nyumba. Ndiye liwiro lake! Kwaya, operekeza mkwatibwi, azakhali a mkwati, NyaChirwa ndi dengu lake limene sindikudziwa anabisa pati. A Mphande ndi beseni. Mkwati naye wathamanga, akuti akaitane anthu.

Ndatembenukira kunyanja. Mchenga uli mbee. Palibe bwato, palibe wogwedeza dzanja. Chimtambo china cha nkhungu chaima pamadzi chapafupi, chachitali mpaka kumwamba. Ndakweza kamera.

Kumbuyo kwanga, timawu: "Ada, nanga ine?"

Towera. Ali yekha pamwala, maluwa m'manja, velo yada ndi nkhungu, misozi ikutsika. Mwana ameneyu ndinamujambula pa ubatizo wake, akulira chimodzimodzi.

Ndatembenuka. Ndamukung'untha veloyo, ndamuuza za a Longwe ndi chipeso chawo mpaka waseka. Ndamujambula ataima, atakhala, akuyang'ana kumbali, mpaka mkwati wabwerera, jekete lodzaza nkhungu. Pocheuka, chimtambo chija chabalalika kale ndi mphepo.

Kuloji sindinapite.

Lamulungu

Titaweruka kutchalitchi ndazemba kukasuzumira kuloji. Zithunzi za mayi uja n'zabwino, tisaname. Pamalo anga apachikapo mileme ina. Wandilandira mwaulemu, akuti mwina chaka chamawa. Akunyamuka mawa lomwe, akuti kwina kukudikira anamgumi.

Zandiwawa. Pobwerera ndadutsa njira ya kuseri kuti ndisakumane ndi wondipempha chithunzi, koma ndakumana nawobe awiri.

Kunyumba ndapeza phukusi la masamba a nthochi lochokera kwa mayi ake a Towera. Chimkate cha nkhungu, chakuda bii, cha zija anawola dzulo. Akuti yewo chomene, mwana wawo anagona akusekerera. NyaChirwa wadulako, wakazinga ndi tomato, wandiikira patsogolo.

"Idyani, ada. Mwazifuna sabata yonse."

Ndaziyang'ana kanthawi. Zili phee m'mbale, kutsogolo kwake kulibe munthu, koma batire latha.

Ndadya. Ndapempha zoonjezera.