Nowa Anatenga Mkazi Wake

Lolemba

Abambo a Tiya akunyamuka Loweruka kupita kukapha nsomba ku Mbenji, chilumbacho achitsegula. Masiku atsala ochepa, koma munthu maso ali pa foni ngati anakwatira foniyo. Akuonera filimu ya anthu opita kumwamba pa chombo, yoikidwa mawu a Chichewa. Ndikafunsa za ndiwo, yankho ndi "eya". Nditati nyumba ikupsa, yankho lingakhale lomwelo.

Ndiye ndapeza nzeru. Mayi Busa akufuna wophunzitsa pa msonkhano wa amayi Lachinayi, ine dzanja m'mwamba. Mutu: Mkhristu ndi mafilimu a zam'mlengalenga. Ndiionera kamodzi, ndipeze mavesi oitsutsa, ndiwawerengere bambowa, foni ilowe m'thumba. Ndikufuna mwamuna wanga sabata ino, basi. Sindikupempha zambiri.

Lachiwiri

Ndakhala nawo pamkeka, Baibulo pamwendo, cholembera m'manja. Adabwa, koma asendera.

Zomwe ndaona:
chombo chachikulu kuposa tchalitchi chathu, chopanda nkhafi;
amuna okhaokha, akukakumba miyala yowala kumwezi wina;
loboti lophika, silipsereza ndiwo;
chinyama cha maso atatu, chaulemu kuposa alamu anga.

Ndalemba: nsanja ya Babele! Kudzikuza! Iwo akuti, "Si kudzikuza, mayi a Tiya, ndi ganyu ameneyu. Ana awo adya chiyani?" Ndafufuta.

Foni yazima pamene kaputeni wa chombo akutsegula chitseko. Wina wakuwa kuti "Aaa, iyayi!" Ndine.

Lachitatu

Foni kotchajitsa ndapititsa ndine. Sindikufuna mafunso.

Lero ndayesa chingalawa cha Nowa. Zikugwirizana ndithu: chombo, anthu ochepa, ulendo wautali. Koma Nowa anatenga mkazi wake! Awa akazi awasiya pakhomo. Ndanena mokweza, ndikuwayang'ana m'maso. Iwo osatekeseka: "Kumeneko ndi lamulo, ngati ku Mbenji. Mkazi saponda, mowa suponda." Ndiye lamulo la kwathu kuno lafika mpaka kumwezi?

Loboti lathyoka mwendo populumutsa munthu amene amalinyoza tsiku ndi tsiku. Bambowa akufunsa ngati limeneli si Msamariya. Ndati chitsulo chilibe mzimu. Kenako ndalowa kukhitchini kukapukuta maso, ati utsi. Moto sunayatsidwe n'komwe.

Usipa wanga pathandala akhwangwala achita nawo phwando. Woyang'anira anali kumwezi.

Lachinayi

Tsoka!

Ndaimirira pamaso pa amayi, duku lochita kusita. Ndayamba bwino, kuti Mkhristu azisamala zomwe maso ake akudya. Ndati ndipereke chitsanzo pang'ono chabe. Pang'onopo ndafotokoza filimu yonse mpaka pamene tafika, manja akuuluka, mawu a loboti ndikuyeseza.

Mafunso:
Mayi a Chisomo: "Nanga akazi a kaputeniyo akudziwa kuti mpweya ukutha?"
Anabanda: "Cha maso atatucho chinalengedwa tsiku liti?"
Wina kumbuyo akuti mneneri Ezekieli anaona zamaso ambiri kuposa pamenepo, atatu si nkhani.

Mayi Busa, modekha: "Phunziro lake n'lotani, mayi?" Ndati likubwera.

Potseka, Anabanda apempherera amuna onse amene ali m'zombo, a panyanja ndi a m'mlengalenga omwe. Ameni wake wamphamvu kuposa wa Lamulungu. Ambiri mwa ife amuna athu akunyamuka Loweruka lomweli, palibe waseka.

Amayi atatu apempha kuti ndiwatumizire filimuyo. Ndinapita kukazimitsa moto, ndakauthira palafini.

Lachisanu

Kulongedza: ufa, mchere, bulangete, juzi ija yong'ambika pachigongono imene amakana kuitaya. Ndaisoka.

Masana tapitiriza. Kaputeni wakhala yekha, akujambula mawu oti apite kwa mkazi wake. Akutsegula pakamwa, akutseka. Mapeto ake akungoti denga la nyumba yawo limadontha, adzakonza akabwerako. Basi! Ndati mwamuna uyu ndi wouma mtima, ulendo wonsewu n'kumakamba za denga?

Abambo a Tiya abweza pomwepo, tionerenso. Akuti, "Apa ndimabwezapo. Chaka chatha kuchilumba ndinapaonera kambirimbiri."

Kani anaionera kale! Sabata yonseyi akudziwa zonse, angokhala phee, akundionera ine ndikulumpha pamkeka. Ndafuna kukwiya, mkwiyo wakana kubwera. Ndafunsa ngati kaputeni amafika kwawo. Akuti ndione ndekha.

Baibulo lero sindinalitsegule pofuna vesi lowagonjetsera. Ndangoliika pansi pa juzi m'chikwama chawo.

Loweruka

Kudoko anthu ngati msika. Injini zikulira, akazi taima kumtunda, aliyense akunamizira kukonza chitenje.

Abambo a Tiya andipatsa foni m'manja. Akuti kumeneko aziimba pa ya mnzawo, ine ndimalize filimu. Kenako akanda m'mutu, akuyang'ana boti, osati ine: "Denga la kukhitchini lija, ndidzakonza ndikabwera."

Denga la kukhitchini silidontha. Analifolera okha mwezi watha.

Zaka zonsezi ndakhala ndikudandaula kuti bambowa sanena kuti andisowa. Chaka chilichonse padoko pomwepa amatchula china choti adzakonze: chitseko, khola, mwendo wa tebulo. Ine n'kumayankha kuti "mwanena kangati?"

Lero ndati, "Ndikudikirani, lisakudetseni nkhawa." Boti lapita.

Lamulungu

Phunziro silinabwere. Mayi Busa andigwira dzanja pakhomo la tchalitchi, akuti ulendo wina ndidzangoyambitsa nyimbo. Ndavomera.

Ndinkafuna kulanda mwamuna m'manja mwa foni. Mwamuna wapita, ndatsala ndi foni. Ngati mafilimuwa ndi tchimo kapena ayi, sindikudziwa, akafunse ena. Chomwe ndikudziwa n'chakuti sabata ino takhala pamkeka umodzi, phewa ndi phewa, kuposa chaka chonse chathachi. Ndawasowa kale.

Mayi a Chisomo atuma uthenga, akufuna kudziwa ngati kaputeni wafika. Kwatsala kachigawo kochepa, foni ndi yodzaza moto. Ndaitenga, ndaiyang'ana, ndaiika m'sutikesi.

Kaputeni ayambe wadikira m'chombomo. Adzafika kwawo tsiku limene wanga adzafike.