Chipale Chofewa Cholimba

Lolemba

Ndili ndi masikii, matabwa otsetserekera pa sinowo! Ine mwana wa ku Balaka, amene ndimanjenjemera ndi kachisanu ka mu Juni.

Eni ake ndi a Harold, agogo a chipinda chakumapeto kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito. Mwana wawo wagulitsa nyumba yawo, ndipo matabwa awiriwa akufuna akatayidwe. Chimvereni zimenezo agogowo sakudya bwino, sakuseka, amangoyang'ana pawindo. Zikundimvetsa chisoni. Ndiye lero ndangoti, ndipatseni ine.

Akuti, "Akapondeko sinowo kamodzi kokha. Undibweretsere chithunzi utaimirira pamenepo." Ndalonjeza ndisanaganize. Nkhomaliro amaliza yonse!

Kunja kwa London kuli chinyumba cha sinowo wochita kupanga, firiji yokhala ndi phiri mkati. Ndipita Loweruka.

Vuto ndi limodzi. Tizitsulo ta m'mbali mwa matabwawa tachita dzimbiri, tabuntha. Agogo akuti pa sinowo wolimba tizitsuloto ndito timaluma pansi, kupanda apo umangoterereka ngati sopo. Kutchalitchi sinowo timati chipale chofewa. Ndiye ichi tizichitcha chipale chofewa cholimba?

Koma kunola ndiye kwathu. Bambo anga ankanola zikwanje za mudzi wonse.

Musitima ya pansi ndagogoda nawo denga, chitseko ndi chipewa cha bambo wina. Ndapepesa njira yonse mpaka ku Tottenham komwe ndimakhala.

Lachiwiri

Zimene ndagula: tupa, mwala wonolera, makandulo awiri, mapulasitala (ongosunga chabe).

Agogo akuti ndinole pa madigiri 88. Ndavomera ndi mutu ngati ndamva. Bambo anga madigiri sankawadziwa, ankayesera pa cheya cha pamkono basi.

Ndagoneka matabwa pa tebulo la kukhitchini. Anaphiri, nesi wamkulu amene ndimachita lendi chipinda m'nyumba mwawo, aima pakhomo manja ali m'chiuno. "Iwe, shifiti yakuchepera kuti uyambe ukalipentala?"

Kwee, kwee, kwee! Tupa ikuimba ngati ya kwathu. Dzimbiri likugwa, chitsulo chikuwala. Mtima wanga uli mbee.

Lachitatu

Akuthwa! Agogo anati ndiyese ndi chikhadabo, chikaparika pang'ono ndiye kuti zatheka. Chaparika, ndipo osati pang'ono.

Zina zimene ndayesera: cheya cha pamkono (chatha), pepala, tomato mmodzi, ndiponso nsalu ya patebulo ya Anaphiri, koma iyoyo sindinachite dala.

Pulasitala woyamba wagwira ntchito. Wachiwirinso.

Ndawaonetsa agogo chikhadabo changa. Achigwira n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, kenako apempha kasitadi wachiwiri. Ayamba kundiphunzitsa ali pampando: maondo opinda, manja kutsogolo, osayang'ana mapazi. Ndayeserera m'khonde ndikukankha tebulo la tiyi. Agogo aakazi a chipinda choyandikana andiombera m'manja, akuganiza kuti ndikuvina.

Lachinayi

Lero ndi tsiku la phula. Agogo akuti kunsi kwa thabwa kumafuna phula losungunula ndi ayironi. Kandulo si phula kodi? Ayironi m'nyumba muno ilimo.

Zotsatira zake: utsi, belu lochenjeza moto likulira, ine ndikulikupiza ndi thaulo. Makandulowo kani ndi onunkhira. Masikii tsopano akumveka fungo la keke.

Ndinaiwala kupukuta ayironi. Anaphiri asita nayo yunifomu. Kumsana kwake kwatuluka banga lofanana ndi mapu a Malawi, nyanja ndi zonse.

Sanakalipe. Angotsegula kabati n'kundiunjikira mipeni yawo yonse. "Poti manja akukuyabwa, nola iyi." Ndanola. Adula nayo anyezi kamodzi n'kuyamba kuimba nyimbo ya kwaya.

Lachisanu

Ndaonera vidiyo ya katswiri pafoni, imene ndikanayenera kuonera Lolemba. Ndaphunzira zinthu ziwiri zowawa.

Choyamba, chitsulocho chimafunika kukhala ndi ngodya ngati m'mphepete mwa tebulo. Ine ndachisongola ngati chikwanje.

Chachiwiri, akuti ukamaliza kunola uzibunthitsa dala kutsogolo ndi kumbuyo, kuti thabwa lisakodwe pokhota. Kubunthitsa dala! Bambo anga atamva angandikane kuti si ine mwana wawo. Sindichita zimenezo.

Ndaima pa masikii m'khonde la kunyumba kuti ndizolowere. Kapeti yang'ambika mizere iwiri yowongoka bwino. Ndaikapo nsapato.

Anaphiri akuti mawa apita nane. "Ndikajambula ndine. Ndipo ukathyoka, nesi ali pomwepo, sitivutitsa ambulansi."

Agogo ponditsanzika andifinya dzanja. Akuti aikiratu malo a chithunzi pafupi ndi bedi. Mantha andigwira.

Loweruka

Kuzizira! Ndavala mathalauza awiri ndi majuzi atatu. Anaphiri amanga chitenje pamwamba pa jekete.

Mtsikana wogwira ntchito kuchinyumba cha sinowo chija waona masikii anga n'kuitana anzake onse. Akuti otere amangowaona atapachikidwa pakhoma. Wakhudza chitsulo n'kubweza chala msanga. "Wanola ndani? Mukufuna kuchekera nyama?" Ndanyadira pang'ono, ndisaname.

Kenako wandiuza zoona. Zomangira nsapato pa masikiiwo n'zakale kwambiri, munthu ukagwa sizingamasuke, mwendo ndiwo ungathyoke. Sangandilole kutsetsereka nawo. Zandikhumudwitsa kwambiri.

Wandipatsa obwereka, aafupi, obuntha ngati supuni. Ndagwa nawo poyamba, pakati ndi pomaliza. Chipalechi n'cholimba ndithu, matako anga ndi mboni. Koma ulendo wina ndatsetsereka osagwa mpaka pansi, mphepo ili m'makutu, ndikukuwa Chichewa chokhachokha. Kukoma kwake! Anaphiri analuluta mpaka azungu kutembenuka.

Ndamufotokozera mtsikana uja za agogo. Wandilola kugoneka masikii akalewo pa sinowo, pamalo athyathyathya, kuti ndingoimapo tijambule. Ndaponda thabwa limodzi. Kandulo wanga wagwira ntchito kuposa muyeso: thabwa lathawa, ine chagada!

Mtsikanayo wawatola n'kuwazika choimika mu sinowo. Alowa ngati mpeni mu papaya. Anaphiri ajambula pomwepo: masikii ali chilili, ine ndili gone pakati pawo.

Lamulungu

Thupi lonse likuphwanya. Potuluka m'tchalitchi amayi anayi andipatsa mipeni yokulunga m'nyuzipepala, wina mpaka sizasi. Anaphiri alengeza kale kuti ndimanola.

Masana ndapita kwa agogo ngakhale si tsiku langa la ntchito. Ndawapatsa foni mwamanyazi. "Pepani agogo, oimirira ndi iwowo, ine ayi."

Ayang'ana. Mapewa ayamba kugwedezeka. Aseka mpaka misozi, mpaka ndawathamangira ndi madzi. Sindinawamvepo akuseka chonchi chibwerereni.

Ndawafunsa kuti madigiri 88 aja iwo ankawayeza bwanji. Akuti, "Ine? Sindinanolepo m'moyo mwanga. Ankanola ndi malemu mkazi wanga, ine ndinkangomva akutchula nambalayo. Ndipo pachithunzi chathu choyamba inenso ndili pansi, iye ndi amene waimirira."

Apempha kuti masikii akhale m'chipinda mwawo, pakona pafupi ndi windo. Akulu a panyumbapo avomera, koma atakhudza chitsulo anena kuti chinthu chakuthwa chonchi sichingakhale pakati pa okalamba.

Chabwino. Tupa ilipo, mapulasitala atsala atatu. Bambo anga andikhululukire, mawa ndiyamba kubunthitsa.