Ndevu za Mitundu Inayi

Ine sindilankhula zambiri. Ndimawotcherera zitsulo kuseri kwa msika ku Kafue, ndipo chitsulo sichifuna nkhani. Koma tsiku lina ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma, pamaso pa anthu achilendo, chifukwa cha ndevu zanga. Zinayamba ndi kafunso. Bwenzi nditangokasiya.

Mkazi wanga, amake Tisa, amawongola tsitsi ndi mankhwala aja amati rilakisa. Tsiku lina atakhala padzuwa ndinaona tsitsi lawo litafiira kunsonga, ngati waya wadzimbiri.

"Mwapaka dayi," ndinatero.

"Dayi ya chani? Ni rilakisa chabe. Imadya kuda kwa tsitsi."

"Mankhwala owongola awongole. Kufiiritsa ndi ntchito ina."

"Imwe atate ake Tisa, za tsitsi zisiyeni. Khalani ku zitsulo zanu."

Pakamwa ndinatseka, koma mutu sunatseke. Chitsulo ndimachidziwa. Ukachiwotcha chimasintha mtundu. Koma pamenepo pali moto. Nanga m'kachitini ka zinthu zoyera ngati phala muli moto wanji? Sabata yonse ndinkangoyang'ana mitu ya azimayi mumsika. (Mayi wina wa tomato anandifunsa ngati ndataya kanthu pamutu pake.)

Masiku omwewo Yotamu, mwana wa mlongo wanga, anali atapeza mbeta ku Shimabala. Banja linasankha ine kuti Loweruka ndikapereke mbale zofunsira ukwati. Sanandisankhire pakamwa. Mlongo wanga ananena mosabisa: "Achimwene, inu mukangokhala. Ndevu zanu zikalankhula zokha." Zinali ndevu ndithu, zakuda zosakanikirana ndi imvi, zofika pabatani loyamba la shati. Ndipo zinali zofunika, chifukwa bambo a mtsikanayo ndi mkulu wa mpingo, munthu wosaseka. Tinamva kuti mnyamata wina anamubweza pageti chifukwa cha kametedwe basi.

Lachinayi amake Tisa anapita kumapemphero a amayi. Kachitini kanali pawindo. Ndinakayang'ana. Nako kanandiyang'ana.

Ndinaganiza ngati munthu wantchito. Ndipake ndevu za mbali yakumanzere yokha, yakumanja ikhale mboni. Malangizo analipo, koma m'Chingerezi cha tizilembo ting'onoting'ono, ndipo magalasi ndinali nditawasiya kuntchito. Ndinakumbukira kuti mkazi wanga sakhalitsa nawo mankhwalawo pamutu. Koma ndevu n'zolimba kuposa tsitsi la mzimayi, choncho ndinati nthawi ndiwirikiza kawiri. (Apa ndi pamene nzeru za sitandade faifi zinathera.)

Poyamba panangozizira. Kenako kuyabwa. Kenako moto uja ndinkaufunafuna m'kachitini ndinaupeza, uli patsaya langa. Ndinapirira. Munthu wogweredwa ndi nthethe za moto tsiku lililonse sathawa phala. Misozi itayamba kutsika yokha, ndinathamangira pampopi n'kusukusula ndi sopo wochapira zovala.

Ndinapita pagalasi. Kumanja zonse zinali bwino. Kumanzere ndevu zinali zitawongoka ngati za tonde. Zakuda zija zinali zitafiirira, ndipo imvi zinali zachikasu ngati chimanga cha nkhuku. Zakuda, zoyera, zofiira, zachikasu, nkhope imodzi. Ndinene zoona: choyamba ndinakondwa. Yankho ndinali nditalipeza. Chachiwiri ndinakumbukira Loweruka.

Amake Tisa atalowa anaika chikwama pansi, nawonso n'kukhala pansi pomwepo. Anaseka mpaka duku kugwa.

"Manje mwakhulupirira?"

"Ndakhulupirira."

"Munasukusula na chani? Shampu yake yozimitsira ili m'kabati!"

Sindinadziwe kuti moto umenewu uli ndi madzi akeake.

Lachisanu ndinapita kwa wometa. Anayang'ana zilonda patsaya n'kubweza makina m'dirowa. "Ba mdala, apa nikagwirapo muzalira monga mwana. Yembekezani zipole." Ndinapita kusaluni ya mayi wina ku Estates kukapempha dayi wakuda. Anakana. Anati pachilonda sapaka, ndipo ndevu zotopa kale zikhoza kuthothoka m'manja mwake. Anaitananso anzake awiri kuti adzaone. Pobwerera ndinaganiza za polishi ya nsapato, koma kunyumba ndinapeza amake Tisa ataibisa kale. Mkazi ameneyu amandidziwa.

Chinatsala ndi chophimba pakamwa, chotsalira nthawi ya kolona. Ndevu ndinazipinda n'kuzikankhira m'kati.

Loweruka tinakwera minibasi ndi mlongo wanga. Iye ndinangomuuza kuti ndili ndi chimfine. Ku Shimabala anatilandira bwino. Tinapatsana moni, ine n'kuika mbale ziwiri zovundikirana patsogolo pa bambo aja. Ndinanena mawu anga ochepa. Zinkayenda. Kenako mayi a mtsikana analowa, n'kugwada ndi kapu ya chibwantu, chakumwa chonga thobwa.

"Mlendo ayambe wamwa, ndiye tikambe," anatero bambowo.

"Zikomo. Chimfine."

"Chibwantu ndiye mankhwala ake. Imwani."

Pakhomo pamene ukupempha mwana sukana chakumwa. Ndinachotsa chophimba chija. Ndevu zinatuluka zonse, mbali ina yopotana, mbali ina yolendewera.

 Mlongo wanga anangoti, "Mayo ine," n'kuyang'ana kudenga. Bambo aja anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndi chala chimodzi anakankha mbale zija kubwerera kwa ine.

"Ngati wamkulu wa banja apenta ndevu monga woimba m'bala, nanga mwana wake ali bwanji?"

Ukwati wa Yotamu unali ukutha ndikuona, ndipo woutha ndinali ine. Ndiye ndinalankhula. Ndinanena zonse: tsitsi la mkazi wanga, mkangano wathu, kachitini, mbali ya mboni, sopo wochapira. Ndinati, "Dayi sindinapake. Ndi rilakisa yokha. Mkazi wanga anandiuza kuti imafiiritsa tsitsi, ine ndinamutsutsa. Ndinafuna kuona ndekha."

"Bwerezani apo!"

Anali mayi aja, akadali chogwada.

"Rilakisa yokha, mayi."

Anaimirira, n'kuvula duku pamaso pathu. Tsitsi lawo linali lofiira kunsonga, chimodzimodzi la amake Tisa. Anatembenukira kwa amuna awo.

"Mwamvera? Zaka zingati munikamba ati nipaka dayi mobisa? Munanipeleka na kwa abusa, ati mukazi wa mkulu wa mpingo afuna kuoneka monga kamtsikana! Nyamukani muone!"

Mkulu wa mpingo ananyamuka. Anavala magalasi, n'kuwerama pankhope panga ngati akugula mbuzi. Anaona kumanja. Anaona kumanzere. Anabwereranso kumanja.

"Uku simunapake?"

"Ayi."

"Uku kokha?"

"Kokha."

"Nanga imvi zakhala bwanji zachikasu, osati zofiira?"

"Chimenecho nanenso sindikuchidziwa."

Anakhala pansi, akukanda chibwano. Mayi aja anatola mbale zija n'kuziika m'manja mwa amuna awo. "Izi zalowa. Munthu uyu wanichotsa mlandu." Bambowo anayang'ana mbale, anayang'ana akazi awo, n'kutsokomola.

"Imwani chibwantu, asebele," anatero, kunditchula dzina limene makolo a okwatirana amaitanirana. Mbale sanazibwezenso.

Yotamu anakwatira. Pazithunzi za ukwati ndilipo, chibwano chili mbee ngati cha mwana wasukulu, chifukwa patapita masabata awiri mbali yakumanzere inayamba kuthothoka yokha, ndipo yakumanja ndinaimeta kuti isatsale yamasiye. Kwa amake Tisa ndinapepesa. Mawu awiri, koma ndinapepesa. Mlongo wanga mpaka lero akafuna wotuma amatuma wina.

Kachitini tsopano kamakhala m'sutikesi yokiya. Ndevu zameranso, imvi zachuluka kuposa kale. Bambo aja tikakumana pamaliro kapena pamsika, moni ukatha amandikokera pambali n'kufunsa motsitsa mawu ngati za imvi zija ndinazipezera yankho.

Sindinalipeze. Koma kumene amake Tisa amasunga kiyi ndakuona.