Sukulu Yanga ya Pansi pa Mkuyu

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo wotsutsa akhale pansi amve kaye. Unayambira pakhomo panga pano, pa ine Nasibeko, mkazi woyamba kufika Folomu 4 m'mudzi muno.

Amuna anga atamwalira, ana anga n'kupita kutauni, pakhomo panangoti zii. Ndinkayankhula ndi nkhuku. Ndiye ndinasonkhanitsa ana asanu ndi awiri pansi pa mkuyu uwo kuti ndiwaphunzitse kuwerenga, bwalo limvekenso mawu a anthu.

Buku linali limodzi. Ine ndinkawerenga, iwo n'kumabwereza pamodzi ngati kwaya: "Mbuzi yathu yathawa. Yathawa ndi chingwe." Tsamba lomwelo miyezi itatu. Mawu ake okoma! Opita kuchigayo ankaima kumvetsera. Kufunsa mwana kuti chilembo ichi n'chiyani, kapena mbuziyo yatani, ndinkaona ngati kuchedwetsa nyimbo.

Tsiku lina ndinaitana makolo kuti adzaone ntchito yanga. Nagama anabwera ndi kalata ya amuna awo yochokera ku Joni, naipereka kwa mwana wawo Sigele.

"Tawerenga, mwanawe. Atate ako akuti abwera liti?"

Sigele anaigwira mozondotsa, nakweza mawu: "Mbuzi yathu yathawa. Yathawa ndi chingwe."

"Iii! Atate ako ali ndi mbuzi ku Joni?"

"Tampatsani mnzake, uyu wachita manyazi," ndinatero ine.

Mnzakeyo anatsokomola kaye mwaulemu. "Mbuzi yathu yathawa."

"Anasibeko," anatero Nagama, "mbuzi imeneyi yathawa kangati?"

A Kadzakumanja, agogo a Sigele, anali atatola nkhuyu yofiira bwino. Anaibenthula, nyerere n'kuti balala m'manja. Anayang'ana nkhuyu, anayang'ana ana, nanena mawu asanu ndi limodzi okha. Makolo anaseka mpaka kugwira m'mimba, aliyense n'kukoka mwana wake dzanja. M'mawa mwake ndinasesa pamthunzi, ndinayala mphasa. Sipanabwere mwana.

N'chifukwa chake inu amene ndikukuphunzitsani tsopano ndimakuvutitsani, mmodzimmodzi, chala pa chilembo, kenako mundiuze zimene mwamva. Koma musaiwale kuti aphunzitsi ena anapuma ntchito osasiya mwambi ngakhale umodzi. Ine zimene ndinapindula ndi izi: mphasa ziwiri, choko theka, zaka zinayi zocheza ndi nkhuku, ndi mawu asanu ndi limodzi aja amene dziko lonse likunena lero: chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.