Msana wa a Pitala

Pa Khombedza aliyense ankadziwa kuti njinga ya a Pitala siinali yongokwera: ukakhala pakaliyala, uwerenge. Anali akabaza ngati anzawo onse, koma kumsana kwawo kunkakhala chikatoni cholembedwa mawu akuluakulu, tsiku lililonse ena. Lero AMAYI, mawa MADZI, mkuja NDI. Ana anawapatsa dzina loti a Bolodi, ndipo iwo ankavomera mokondwa ngati awatchula bwana.

Ine ndine Eveles, telala wa pakhonde la golosale yoyang'anizana ndi siteji. Msana umenewu ndinkaudziwa bwino, chifukwa malaya onse amene mapini anaboola ankathera pamakina anga.

"A Pitala, awa si malaya, ndi sefa. Ndisoke pati?"

"Sokani pomwe patsala nsalu, mayi."

"Koma mumadzivutitsiranji? Kusukulu kulibe aphunzitsi?"

"Aliko, ndipo akugwira ntchito. Koma mwana ndimamutenga kunyanja mpaka kusukulu, njira yonseyo maso ali dwii pamsana panga. Aziona thukuta lokhalokha? Mwana amadziwa nkhope ya amake osayamba wawerenga mphuno ndi makutu. Mawunso akamawaona tsiku ndi tsiku, awadziwa nkhope."

Ndiye mawuwo ankawatengadi ngati anthu. Akangopalasa pang'ono ankakuwa, "Kumbuyoko kuli ndani lero?" Mwana akayankha kuti "GALU!" belu linkalira mpaka nkhuku kubalalika. Akalephera, ankamuuza kamodzi, n'kumufunsanso patsogolo. Akafika pasukulu asanakhoze, njinga sinkaima. Inkangozungulira mtengo wa mango wa pachipata, mwana ali pompo, a Pitala akuimba nyimbo ya kwaya. Ana ena anaphunzira kuwerenga chifukwa cha chizungulire.

Akuluakulunso sankawasiya. Tsiku lina ananyamula mayi wina wogulitsa chambo, wathupi lake, dengu lili pamwendo.

"Kumbuyoko kuli ndani, mayi?"

"Kuli ine! Mukundiyesa mwana? Ndalipira ulendo, osati sukulu."

"Sukuluyo ndi basela."

Mayiyo analalata kuchokera kudooko mpaka pamsika. Potsika anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa monong'ona kuti mawuwo anali otani. A Pitala anamuuza kuti NSOMBA. Mayiyo anapukusa mutu: zaka zonsezi akuzigulitsa, sankadziwa kuti papepala zimaoneka choncho. Kuyambira pamenepo sanakwerenso njinga ya wina.

Dzinja loyamba linawachititsa manyazi. Mvula inawapeza panjira, inki yonse n'kutsetsereka mpaka m'thalauza, moti anafika pasiteji msana uli bii ngati agwera m'makala. Ndine ndinawapulumutsa. Ndinatenga pulasitiki yoonekera ya shuga n'kuwasokera thumba kumsana kwa malaya aliwonse, kuti chikatoni chizingolowetsedwa. Anandithokoza pamsika ponse mpaka ndinawapempha kuti asiye.

Mawuwo ankalemba ndi akazi awo, a Rosemary, amene anali ndi dzanja labwino. Ankawalowetsa m'thumbamo amuna awo akumwa tiyi, n'kuwauza kuti lero ndi akuti. Ndiye panali sabata ina imene denga linkadontha, a Pitala akungoti ndikonza mawa. M'mawa wina a Rosemary anati, "Lero ndi NYUMBA," n'kuwasisita paphewa. Panjira ana ankangofa nalo phwete, osayankha. Atafika pasiteji, kamtsikana kena ka Sitandade wani kanaima kumbuyo kwawo n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono: "NDINE WAULESI."

Siteji yonse inagwa ndi kuseka. Ine ndinasiya kupalasa makina, ndikudikira kuti bambowa akwiye. Iwo anatembenuka maso akuwala.

"Mwamva inu? Mawu awiri pamodzi! Wa Sitandade wani! Bwereza, mwanawe, amve ndi aku Chinguluwe!"

Anayenda nacho chikatonicho tsiku lonse, chifuwa chili patsogolo. Dengalo linadonthabe mpaka mvula inasiya yokha.

Koma nkhani imene timawakumbukira nayo kwambiri ndi ya Layla, mwana wa Che Abdallah, msodzi wa kunyanja. Layla anali kamwana kofatsa, kosayankhula pagulu, ndipo Sitandade wani anali ataibwereza kale. Bambo ake anatopa. Ananena poyera kuti teremu ikatha asakuwerenga, sukulu yathera pomwepo, akathandize amake kuyanika usipa pathandala. Che Abdallah sanali ankhanza, koma akanena chinthu sankabweza.

A Pitala anamva, n'kuyamba kumutenga m'mawa uliwonse. Masabata anadutsa. "Kumbuyoko kuli ndani?" Zii. Mtengo wa mango anauzungulira mpaka udzu unafa, mwana ali chete. Madzulo ankabwera pakhonde panga, n'kukhala pansi osaseka n'komwe.

"Mayi Eveles, mwana uja akapita pathandala sadzabwereranso. Ndaona ambiri."

Tsiku lina anasiya kufunsa, n'kumangopalasa akuimba. Ali pakati pa minda ya mpunga anamva kamawu kumbuyo, kakang'ono ngati ka udzudzu: "Madzi." Anatsala pang'ono kugwera m'ngalande. Kuyambira tsiku limenelo Layla ankawerenga chilichonse chimene a Rosemary alemba, koma panjinga pokha.

Kutha kwa teremu Che Abdallah anavala mkanjo wawo woyera n'kupita kusukulu kuti akaone okha. Akabaza onse anatsatira, nanenso ndinaphimba makina n'kupita. Aphunzitsi a kalasilo, mayi Tamanda, anayala makadi a mawu patebulo mwaulemu. Layla anaima pamenepo, bambo ake akumuyang'ana, ife tadzadza pamawindo. Mwana anayang'ana pansi. Mayi Tamanda anamunyengerera, kumusonyeza khadi ili, kumusonyeza lina. Layla sanadzutse mutu. Kunena zoona, ine mtima unandiwawa, ndinalakalaka ndikanatsala pamakina.

Che Abdallah anadzuka n'kukutumula mkanjo.

"Wallahi, ndinanena ine. Aphunzitsi, mwayesetsa. Tiye kunyumba, Layla."

Apo a Pitala analowa, chipewa chili m'manja.

"Che Abdallah, pepani. Tatembenukani."

"Nditembenukirenji?"

"Mwanayu amawerenga, koma sawerenga maso a anthu ali pa iye. Anazolowera munthu womufulatira. Nanunso apawindo, yang'anani kubwalo la mpira uko!"

Tonse tinatembenuka ngati asilikali, ngakhale ine ndinkaba ndi diso limodzi. Che Abdallah anang'ung'udza, koma anayang'ana kukhoma. A Pitala anatulutsa pini m'chipewa, n'kubaya khadi kumsana kwa mkanjo woyerawo. Kenako kamawu kaja:

"Madzi."

"Akulondola?" anafunsa Che Abdallah, akuyang'anabe khoma.

"Akulondola, bambo," anatero mayi Tamanda.

Khadi lina. "Ine." Lina. "Nyumba." Lina. "Ndi." Mawu ake ankakula khadi lililonse, mpaka mwana anayamba kuwerenga pini isanalowe n'komwe. Makadi atatha, mayi Tamanda analemba lina msangamsanga n'kupatsa a Pitala. Layla analiyang'ana, n'kunena mokweza kuti ndi apanja omwe amve:

"Ababa."

Che Abdallah sanatembenuke. Anangoyang'anabe khoma. Kenako anati, "Alhamdulillah," n'kupempha kuti wina awachotse fumbi limene linawalowa m'maso. Panja mabelu a njinga zonse analira pamodzi, moti ana a makalasi ena anatuluka poyesa kuti aweruka. A Pitala anayenda mwezi wathunthu akuuza aliyense kuti msana wawo wakhoza mayeso.

A Pitala anatisiya chaka chatha, atadwala chibayo masiku ochepa. Layla tsopano ali Folomu folo, ndipo amawerenga pamaso pa aliyense, ngakhale pa msonkhano wa makolo. Ndiye analemba makatoni a pamaliro. Akabaza onse anatsogolera bokosi pamzere, aliyense mawu ake kumsana, AMAYI, GALU, MADZI, NSOMBA, ndipo ana m'mbali mwa msewu ankawerenga mokweza pamene ife tinkalira. A Rosemary anatulutsa chikatoni chakale chija cha waulesi, chimene amuna awo anachisunga pansi pa matiresi zaka zonsezi. Anaseka, kenako anachikumbatira.

Masiku ano pasiteji padzadza njinga zamoto. Zimathamanga, mwana amangotsinzina n'kugwiritsitsa, ndipo misana yake ilibe kanthu. Udzu wa pamtengo wa mango unameranso. M'mawa ndimapezeka ndatchera khutu kudikira funso lija, ndipo ndimawasowa kwambiri bambo aja ndi malaya awo obookabooka.

Mwezi wathawu Che Abdallah anafika pakhonde panga akukankha njinga yakale, kamdzukulu kali pakaliyala. Anatulutsa mkanjo m'jumbo n'kuuika pamakina.

"Mayi, mundisokere thumba lija. Kumsana."

"Mawu azikulemberani ndani?"

"Layla."

"Nanga inu muzidziwa bwanji kuti mwana wakhoza?"

"Ine zilembo sindizidziwa. Koma Layla azindiuza m'mawa, ndipo belu ndagula kale."

Ndinausoka tsiku lomwelo. Tsopano m'mawa uliwonse amadutsa apa pang'onopang'ono, mkanjo ukuuluzika, ndipo akafika pasiteji amakuwa ndi mawu awo ausodzi aja: "Kumbuyoko kuli ndani lero?"